Makina akalemba "Approved", ndalama yafika kodi?

Mukacheza ndi ophunzira a zamalonda pasukulu pano, ambiri salota zolembedwa ntchito. Wina akufuna kudzatsegula famase, wina shopu ya mafoni, wina malo ogona alendo kunyanja, winanso lesitilanti ya zakudya zopanda nyama monga timaphunzitsirana mumpingo. Onsewa tsiku lina adzakumana ndi kasitomala amene adzasankhe katundu, n'kupisa m'thumba, n'kutulutsa khadi la banki m'malo mwa ndalama. Funso lakuti "mumaswayipa?" lafala m'matauni mwathu, ndipo wamalonda woyankha kuti ayi amangoona katundu akubwezedwa pashelefu, kasitomala n'kulowera shopu yoyandikana nayo.

N'chifukwa chake ambiri amathamangira kubanki kukapempha makina a POS. Palibe cholakwika pamenepo. Koma makinawa amabwera ndi pangano la masamba angapo lomwe anthu amasaina osawerenga, ndipo m'panganomo ndi momwe munalembedwa kuti zinthu zikavuta aluze ndani. Kawirikawiri woluzayo ndi wamalonda. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuitsata ndalamayo kuchokera m'manja mwa kasitomala mpaka mu akaunti ya shopu.

Njira yomwe ndalama imayenda

Makhadi alipo a mitundu iwiri. Lina limatapa ndalama zomwe munthu ali nazo kale mu akaunti yake. Limeneli ndi debit card, lomwe ambiri timangoti khadi la ATM. Linalo ndi la ngongole, credit card: banki imamulipirira munthuyo, iye n'kudzabweza pambuyo pake, akachedwa n'kuonjezerapo chiwongoladzanja. Khadi la ngongole linayambira ku America. Diners Club inatulutsa lake mu 1950, Bank of America inatsatira mu 1958 ndi khadi lomwe mu 1976 linasintha dzina kukhala Visa, ndipo Mastercard inabadwa mu 1966 ngati mgwirizano wa mabanki angapo. Kuno kwathu ochuluka ndi makhadi otapa mu akaunti aja. A ngongole mumawaona kwambiri m'manja mwa alendo ochokera kunja ndi anthu ena a malipiro okhazikika. Kwa wamalonda, onse awiri amalowa m'makina amodzi ndipo amadutsa njira imodzi.

Kasitomala akalowetsa khadi n'kulemba PIN, uthenga umanyamuka kupita kubanki yomwe inapereka makinawo, imene ndi banki ya wamalonda. Bankiyo siidziwa ngati kasitomala ali ndi ndalama, pokhapokha ngati nayenso amasunga komweko. Ndiye imaupatsira uthengawo kubanki ya mwini khadi kudzera pa mlatho wolumikiza mabanki. Khadi likakhala la banki ya m'dziko muno, mlathowo ndi National Switch, yomwe anthu amangoti Natswitch, imene inayamba kugwira ntchito mu 2015. N'chifukwa chake khadi la NBS limatha kulipira pa makina a National Bank kapena a FDH. Likakhala la kunja, uthenga umadutsa kwa Visa kapena Mastercard mpaka kukafika ku London kapena ku Johannesburg komwe kuli banki ya mlendoyo. Banki ya mwini khadi imaona ngati khadilo silinatsekedwe, ngati PIN ndi yolondola, ndiponso ngati ndalama zikukwana. Ikakhutira imayankha kuti inde, makina n'kutulutsa kalisiti kolembedwa "Approved". Zonsezi zimatenga masekondi ochepa.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. "Approved" ndi lonjezo chabe. Banki ya kasitomala yangovomera kuti panthawiyo ndalama zilipo, ndipo yazipatula pambali. Ndalama zenizeni zimasamuka pambuyo pake: malonda onse a tsikulo amasonkhanitsidwa pamodzi, makina amatseka tsiku, mabanki amawerengerana, kenaka banki ya wamalonda imaika ndalamazo mu akaunti ya shopu itachotsapo gawo lake. Zimenezi zimatha kutenga tsiku limodzi kapena masiku angapo a ntchito, malinga ndi banki. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndipo ndalama ya pa khadi, ngakhale italowa mu akaunti, ili ndi khomo lina lomwe ingatulukirenso. Tifikapo.

Kwa ife osunga Sabata, nkhani ya masiku a ntchitoyi si yaing'ono. Shopu ya membala wa mpingo uno imagulitsa kwambiri Lachisanu masana, imatseka dzuwa lisanalowe, n'kudzatsegulanso Sabata likatha kapena pa Sande m'mawa. Sande kwa ife ndi tsiku la ntchito ngati lina lililonse, koma kwa owerengera ndalama kubanki ayi. Ngati banki yanu imalipira pamasiku a ntchito okha, malonda a Lachisanu masana ndi a Sande yonse angadzaoneke Lolemba kapena Lachiwiri, pomwe inu mumafuna kukapikula katundu ku Limbe Lolemba m'mamawa. Bizinesi ya mpamba wochepa imakhalira kuzunguliza ndalama imodzimodziyo. Ndalamayo ikagona m'njira masiku atatu, mashelefu amayamba kuonekera mipata.

Peresenti yaing'ono, koma ya chiyani?

Pa malonda alionse olipidwa pa khadi, banki imadula komishoni. Siidya yokha: gawo lina limapita kubanki ya mwini khadi, lina kwa eni mlatho, lotsalalo n'kukhala la banki yanu. Mlingo wake umasiyana banki ndi banki, ndipo kawirikawiri khadi la kunja kapena la ngongole limadula kuposa khadi wamba la m'dziko muno. Pamwamba pa komishoni pangakhalenso lendi ya makina pamwezi, mapepala a malisiti, chindapusa ngati malonda a pa khadi sanafike mlingo womwe munagwirizana, ndi mtengo wa makinawo akasweka kapena kubedwa. Si banki iliyonse imalipiritsa zonsezi, koma zomwe imalipiritsazo zili m'pangano muja.

Wa kubanki akamaitchula, komishoniyi imamveka yaing'ono. Tiyerekeze kuti wati 2 peresenti (nambalayi ndi yongoyerekeza, yeniyeni mukafunse nokha). Munthu amangoti, K2 pa K100 iliyonse n'chiyani? Koma 2 peresentiyo imachotsedwa pa ndalama zonse zomwe kasitomala walipira, osati pa phindu. Tengani golosale yogulitsa shuga, sopo ndi mafuta ophikira, katundu amene aliyense amadziwa mtengo wake moti simungaikepo phindu lalikulu. Tinene kuti pa malonda a K100,000 mwini wake amatsala ndi K5,000. Banki ikadula K2,000, yatenga magawo awiri mwa asanu a phindu lake, 40 peresenti. Tsopano tengani telala kapena mwini malo ogona alendo, amene pa K100,000 yomweyo angatsale ndi K40,000. K2,000 ija kwa iye ndi 5 peresenti chabe ya phindu. Komishoni ndi yomweyo, koma wina yamuluma, wina yangomukanda.

Palinso dzenje lina powerengera lomwe ngakhale ophunzira a akawunti amagweramo. Sikuti malonda onse odutsa pa makina abwera chifukwa cha makinawo. Kasitomala amene akanalipira kashi koma lero waswayipa chifukwa waona makina patebulo sanakuonjezereni kanthu, wangokuchotserani komishoni. Makina amadzilipirira okha kudzera mwa makasitomala amene pakanapanda iwo akanabwerera, kapena akanagula zochepa. Tionjezere lendi yongoyerekeza ya K20,000 pamwezi. Wagolosale uja, amene komishoni ikachoka amatsala ndi K3 pa K100, ayenera kupeza malonda atsopano a pafupifupi K670,000 mwezi uliwonse kuti angobweza lendiyo, tisanawerengere komishoni ya makasitomala akale aja. Wa malo ogona alendo, wotsala ndi K38 pa K100, amaibweza ndi malonda a K53,000 okha, mwina mlendo mmodzi kapena awiri.

Tisaiwale mbali inayo. Kashi nayenso ali ndi mtengo wake, kungoti sulembedwa palisiti. Pali ndalama zachinyengo, pali vuto la chenji, pali thiransipoti yopitira kubanki ndi theka la tsiku lothera pamzere. Ngakhale ndi ndalama ya K5,000 yomwe Reserve Bank inatulutsa mu 2022, K1,000,000 ndi mapepala 200, ndipo amene anagonapo ndi chikwama chotero pansi pa pilo amadziwa kuti tulo sitibwera. Malonda a pa khadi amasiyanso mbiri pa sitetimenti, yomwe imakuyankhulirani tsiku lokapempha ngongole kubanki. Amachepetsanso mayina m'kabuku ka angongole, chifukwa mawu oti "ndilibe kashi, ndidzapereka mawa" amasowa pogwira makina akakhala pomwepo.

Ndiye yankho silingakhale limodzi kwa onse. Mayi wogulitsa kachewere ndi kabichi pa Lizulu safunikira makina a POS. Makasitomala ake ali ndi Airtel Money, yomwe inayamba mu 2012, kapena Mpamba wa TNM, womwe unabwera mu 2013, ndipo foni yake ikukwanira. Mwini malo ogona ku Cape Maclear kapena kumunsi kwa phiri la Mulanje sangachitire mwina, chifukwa mlendo wochokera ku Germany sayenda ndi mitolo ya makwacha. Apakatikatiwa, a famase, a hadiweya, a shopu ya zovala paboma, ndi amene ayenera kukhala pansi ndi cholembera.

Ena akaona kuti komishoni ikuluma amangouza kasitomala kuti, "Mukaswayipa ndionjezera pang'ono." Mapangano ambiri a mabanki amaletsa zimenezi, ndipo kasitomala akakadandaula, makina angathe kulandidwa. Choipa kwambiri ndi kuonjezera mwakachetechete, kulemba K10,300 pa makina pomwe mtengo ndi K10,000, poganiza kuti munthuyo saona. Imeneyo ndi sikelo yobera ija timaiwerenga pa Miyambo 11:1, yangosintha maonekedwe. Njira yoyera ndi kuiwerengera komishoni pamodzi ndi lendi ya nyumba ndi magetsi poika mitengo ya katundu yense.

Khomo lotulukira

Malamulo a Visa ndi Mastercard amapatsa mwini khadi ufulu wokadandaula kubanki yake za ndalama yomwe yachoka: kuti wogulayo sanali iye, kuti analipiritsidwa kawiri, kuti katundu sanafike, kapena kuti wafika wosiyana ndi amene anagwirizana. Pa madandaulo ambiri amapatsidwa masiku okwana 120. Banki yake ikaona kuti dandaulolo lili ndi mutu, imaitanitsa ndalamayo kubanki ya wamalonda, ndipo iyo imaitapa mu akaunti ya shopu. Zimenezi ndi zomwe a mabanki amazitcha chargeback. Sapempha chilolezo, chifukwa chilolezocho munapereka kale tsiku lomwe munasaina. Wamalonda amapatsidwa masiku owerengeka kuti abweretse umboni. Akachedwa, kapena umboni ukapanda kukwana, ndalama yapita, katundu anapita kale, ndipo mwina pabweranso chindapusa. Milandu yotere ikachuluka, banki imathetsa pangano.

Lamuloli lilipo pachifukwa chabwino, poti popanda ilo palibe akanalimba mtima kulipira ndi khadi kwa munthu wosamudziwa. Koma tanthauzo lake kwa wamalonda n'lakuti ndalama yomwe analandira mu Januwale ingathe kuitanidwa mu Epulo.

Kuti aluze ndani pa mlandu wa khadi lobedwa zimadalira kwambiri mmene khadilo linawerengedwera. Kumbuyo kwa khadi kuli mzere wakuda wa maginito, kumaso kuli kachitsulo kooneka ngati golide kotchedwa chip. Zolembedwa pa mzere wakuda uja sizisintha, ndiye wakuba akazikopera ndi kachipangizo kake amatha kupanga khadi lina lofanana. Kachitsulo kaja kanabwera kudzatseka mpata umenewo. Makampani a Europay, Mastercard ndi Visa anagwirizana za kapangidwe kake m'zaka za m'ma 1990, n'chifukwa chake mumamva za EMV. Kamapanga nambala yatsopano pa malonda alionse, yomwe singagwire ntchito kawiri. Khadi likalowetsedwa, kachitsulo n'kuwerengedwa, PIN n'kulembedwa, mlandu wa kuba kawirikawiri umagwera banki ya mwini khadi. Khadi likangodutsitsidwa pa mzere wakuda, chitetezo cha wamalonda chimachepa. Wogulitsa akachita kulemba yekha manambala a khadi pa makina, mlanduwo kawirikawiri umasamukira kushopu. N'zoseketsa kuti mawu omwe tinazolowera, kuswayipa, poyamba ankanena za kudutsitsa mzere wakuda kuja, njira yomwe ili yofooka.

Akathyali amazidziwa izi kuposa ife. Amabwera madzulo shopu ili pafupi kutseka, amasankha katundu wodula wosavuta kugulitsanso, mafoni kapena simenti, osanenerera n'komwe. Khadi likakana amati kachitsulo kanakalika, "ingolembani manambala, kwina konse amatero." Likakananso atulutsa lachiwiri, kenaka lachitatu, kapena apempha kuti mtengowo ugawidwe pang'onopang'ono mpaka makina atavomera. Mwini khadi weniweni likamukanira kawiri amachita manyazi n'kupita ku ATM. Wogulitsa aliyense m'shopu adziwe kuti ali ndi ufulu wokana, ndipo makinawo asachoke pamaso pake, chifukwa wina amawalandira ngati akulemba PIN n'kuyamba kudinadina zina.

Choopsa chachikulu chili pa malonda omwe khadi silioneka n'komwe, a pafoni, pa imelo kapena pa intaneti. Pali chinyengo china chakale chomwe chimasaka eni malo ogona alendo, ndipo ndichifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa chimakonda kubwera chitavala zakutchalitchi. Imelo imafika kuchokera kwa munthu wodzitcha m'busa kapena mtsogoleri wa achinyamata ongodzipereka. Akuti akubwera anthu khumi kudzathandiza kumanga chipatala kapena kudzachititsa msonkhano wachitsitsimutso, akufuna zipinda kwa masabata awiri, ndipo mtengo sakuutsutsa. Atumiza manambala a khadi kuti mulipiritse, tinene, K3,000,000. Kenaka abwera ndi kapempho: dalaivala amene adzawanyamule pabwalo la ndege la Chileka alibe makina, ndiye mulipiritse K4,000,000, ndipo K1,000,000 yapamwambayo mumutumizire dalaivalayo pafoni. Makina alemba "Approved". Ndalama ilowadi mu akaunti. Inu mutumiza K1,000,000 ija ndi mtima woyera, mwinanso kugwada n'kuthokoza chifukwa cha dalitso.

Alendowo safika. Patapita masabata angapo, mwini khadi weniweni, amene mwina sanamvepo za Malawi, aona sitetimenti yake n'kudandaula. Banki itapa K4,000,000 yonse. K3,000,000 ilipo, ngati simunaigwiritse ntchito kale. K1,000,000 ija yachoka m'thumba mwanu, ndipo nambala ya dalaivala siikupezekanso. Pamwamba pake zipinda zakhala zopanda anthu masabata awiri chifukwa munabweza alendo ena. Taonani kuti palibe pomwe makina ananama. Anafunsidwa ngati khadilo lili ndi ndalama ndiponso ngati silinatsekedwe, ndipo anayankha zoona. Zoti wotumiza manambalayo ndi mwini wake, sanafunsidwe.

Zodzitetezera zake si zovuta. Ndalama yobweza ibwerere pa khadi lomwe inachokera, osati pafoni, osati pamanja, osati kwa munthu wachitatu. Wofuna kulipira ali kutali musamulandire manambala. Pemphani banki yanu njira yolipirira pa intaneti yokhala ndi 3-D Secure, yomwe imachititsa kuti banki ya mwini khadi imutsimikize yokha, nthawi zambiri pomutumizira nambala yachinsinsi pafoni yake. Kasitomala akadutsa pamenepo, mlandu wa kuba kawirikawiri umabwerera kubanki yake. Komanso gulu loona la mpingo silingotulukira ngati mphepo. Limadziwika kumaofesi a mpingo, ndipo foni imodzi kwa abusa a dera lanu ingakuuzeni zoona.

(Njira ya pa intanetiyi imabweretsa funso lomwe makolo athu mumpingo analibe: shopu yatsekedwa Lachisanu madzulo, koma tsamba lolipirira likulandirabe ndalama pa Sabata. Abale amaliona mosiyana. Chomwe ndinganene n'chakuti kutseka n'kotheka. B&H, shopu yaikulu ya makamera ku New York yomwe eni ake ndi Ayuda, siilandira maoda pa intaneti m'maola a Sabata, ndipo sinagwe. Wofuna kutero afunse msanga ngati njira yomwe banki ikumupatsa imatheka kuzimitsa.)

Si chargeback iliyonse imachokera kwa wakuba. Kasitomala woona amatha kudandaula chifukwa dzina lomwe laoneka pa sitetimenti yake ndi la kampani monga inalembetsedwera kuboma, pomwe chikwangwani cha shopu chili ndi dzina lina, ndiye iye sakukumbukira kuti anagulako. Uzani banki ilembe dzina lomwe anthu amakudziwani nalo. Wina amadandaula chifukwa anasintha maganizo inu n'kukana kumubwezera. Apa chokupulumutsani ndi pepala: lisiti, siginecha yosonyeza kuti katundu analandira, ndi malamulo anu obwezera katundu omwe anawaona asanalipire. Timalisiti ta POS timasindikizidwa ndi kutentha, osati inki, ndipo tikakhala m'dirowa yotentha ya ku Nsanje kapena ku Salima timayera mbee. Tijambuleni ndi foni tsiku lomwelo.

Netiweki ikagwa, ndi zina za m'nyumba

Vuto lomwe mudzakumane nalo kawirikawiri si akuba ayi, ndi netiweki. Makina amadalira batire ndi netiweki ya foni, ndipo magetsi akazima nthawi yaitali zonse ziwiri zimafooka. Uthenga umatha kufika kubanki ya kasitomala, ndalama n'kupatulidwa, koma yankho n'kutayika m'njira. Makina anu alemba kuti zakanika, pomwe foni ya kasitomala yalira kuti ndalama yachoka. Iye akuonetsani uthengawo, ndipo sakunama. Inunso simukunama. Lamulo lake ndi louma koma n'lomveka: chomwe chimawerengedwa ndi lisiti la makina anu. Ngati silinalembe "Approved", kawirikawiri ndalamayo siibwera kwa inu. Banki ya kasitomala idzaibweza kwa iye, nthawi zina yokha, nthawi zina atakalemba dandaulo.

Kunena n'kosavuta. Kuchita kumavuta pamene waima patsogolo panuyo ndi mkulu wa mpingo wanu, kapena mayi a Dorika amene anagona pamaliro a bambo anu, ndipo anthu pamzere akuyang'ana. Mukapereka katundu chifukwa cha ulemu, dziwani kuti mwakongoza, simunagulitse, ndipo lembani choncho m'kabuku nonse awiri mukuona. Apatseni kalisiti kokanako kuti apite nako kubanki yawo. Musabwereze kulowetsa khadi kachiwiri ndi kachitatu musanaone lipoti la makina, chifukwa mungawalipiritse kawiri, ndipo zimenezo zimawononga ubale msanga kuposa kukana mwaulemu.

Zina zimachokera m'nyumba momwe. Makina a POS amatha kubweza ndalama ku khadi, ndipo wantchito wosakhulupirika angathe "kubweza" ndalama ya malonda omwe sanachitike, n'kuitumiza ku khadi lake kapena la mnzake. Nambala yachinsinsi yolola kubweza ikhale ndi mwini bizinesi yekha, ndipo isakhale ija makina anabwera nayo. Wina amalandira kashi n'kulemba m'buku kuti kasitomala waswayipa. Mankhwala a zonsezi ndi ntchito yotopetsa ya mphindi khumi madzulo alionse: kufananitsa buku la malonda ndi lipoti lomwe makina amatulutsa potseka tsiku, ndipo ndalama zikalowa, kufananitsanso ndi sitetimenti ya banki. Ambiri timalemba ntchito m'bale wathu kapena mnzathu wa mumpingo, ndiye timaona ngati kuwerengera n'kumukayikira. Ine ndimaona mosiyana. Msungichuma wa mpingo amalemba malisiti ndipo mabuku ake amaunikidwa, osati chifukwa ndi wakuba, koma kuti dzina lake litetezeke. M'shopu n'chimodzimodzi.

Manambala a khadi la kasitomala ndi katundu wa mwini wake amene mwangosungitsidwa kwa kanthawi. Mu 2004 makampani akuluakulu a makhadi anagwirizana pa malamulo otetezera manambalawa, otchedwa PCI DSS, ndipo amakhudza aliyense wolandira khadi, wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Limodzi mwa malamulowo n'lakuti timanambala titatu ta kumbuyo kwa khadi tisasungidwe paliponse malonda akavomerezedwa. Choncho kujambula khadi la mlendo mbali zonse ziwiri n'kuika m'fayilo, kapena kuuza kasitomala kuti atumize chithunzi chake pa WhatsApp, n'kuswa pangano. Foniyo ikabedwa m'minibasi, mwapereka akaunti za anthu kwa wakuba. Musaganize kuti akuba alibe nayo ntchito bizinesi yaing'ono. Mu 2013 masitolo a Target ku America anaberedwa manambala a makhadi pafupifupi 40 miliyoni, ndipo akubawo analowera pa kampani yaing'ono yomwe inkagwira ntchito ya mafiriji ndi zoziziritsa mpweya m'masitolomo.

Pali pempho lina lomwe limabwera ndi nkhope yodziwika: "ATM yafa, ndiswayipe K200,000 mundipatse kashi." Kapena mnzanu wa shopu yoyandikana nayo, amene alibe makina, apempha kuti kasitomala wake alipirire pa anu. Zimaoneka ngati kuthandizana. Koma pokhapokha banki itakulolani, zonse ziwirizi mapangano amaletsa. Komishoni mulipira ndinu pa malonda omwe simunapindulepo, chargeback ikabwera idzatapa mu akaunti yanu, ndipo umboni wa katundu mudzakhala mulibe chifukwa simunagulitse kanthu. Ndalamayo ikakhala yakuba, dzina lomwe lidzaoneke ndi lanu. Dziko lino lili ndi lamulo la Financial Crimes Act la mu 2017, ndipo mabanki amakakamizidwa kunena za ndalama zokayikitsa ku Financial Intelligence Authority. Golosale yogulitsa K50,000 patsiku ikayamba kudutsitsa mamiliyoni, wina kubanki adzafunsa.

Musanasaine

Safunsa anadya phula. Pemphani panganolo mupite nalo kunyumba, ndipo yendani mabanki awiri kapena atatu, poti makina a banki iliyonse amalandira makhadi a mabanki anzake. Funsani komishoni ya khadi la m'dziko muno ndi ya khadi la kunja padera. Funsani kuti ndalama ya Lachisanu masana ndi ya pa Sande imalowa liti. Funsani masiku omwe mumapatsidwa kuti muyankhe chargeback, ndi njira yomwe adzakudziwitsireni, chifukwa kalata yopita ku imelo yomwe simutsegula ndi mlandu woluza kale. Funsaninso ngati banki ingagwire ndalama zanu ikakayikira malonda ena, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso kuti kutuluka m'panganolo kumadya zingati. Mayankho akhale olembedwa.

Koma kafukufuku wofunika kwambiri safuna banki. Kwa mwezi umodzi ikani kapepala pambali pa kabati ya ndalama. Aliyense wofunsa kuti "mumaswayipa?", lembani mtengo wa zomwe amafuna kugula, ndipo chongani ngati anabwerera osagula, kapena anapezabe kashi, kapena analipira pafoni. Mwezi ukatha phatikizani za obwerera okhawo, onani phindu lomwe mukanapeza pa ndalamazo komishoni itachoka, n'kulifananitsa ndi zolipira za pamwezi zomwe banki yakuuzani. Musaiwale kuchotsaponso komishoni ya aja anapeza kashi, poti makina akadzafika nawonso adzaswayipa.